Injini Ikadali Pansi

Anthu akutali akamva dzina la Mphunzi amaganiza za miyala. Phiri lathu lili m'dera la Chongoni, limene bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 2006 chifukwa cha zojambula za m'mapanga, zofiira zimene amati anasiya Akafula ndi zoyera za makolo athu Achewa. Ena amakumbukira mishoni yakale ya CCAP ya Sinodi ya Nkhoma. Koma ife ogona ndi kudzuka kuno nkhawa yathu ya chaka ndi chaka ndi ina: mbatatesi, nyemba ndi kabichi zikakhwima, zifika bwanji ku msewu wa M1, n'kupitirira mpaka ku Chimbiya, ku Lilongwe kapena ku Blantyre zisanayambe kuwola? Yankho lake ndi lole. Ndipo moyo wa lole uli mu injini.

Kale magalimoto obwera kuno tinkawadziwa ndi kulira kwake asanaonekere n'komwe. Panali Land Rover ya ku mishoni, Bedford yodzatenga mbewu ku msika wa ADMARC, bungwe limene linalowa m'malo mwa Farmers Marketing Board mu 1971, ndiponso kagalimoto ka munthu wa golosale, Peugeot 404 kapena Datsun, konyamulira matola. Anali owerengeka, ndipo aliyense m'mudzi ankadziwa matenda a galimoto iliyonse: iyi imavuta kudzuka m'mawa, iyo imawira ikamakwera chitunda, inayo imafuna kukankha. Injini ikayamba kufuka utsi wabuluu, kumwa oyilo ndi kulephera mtunda umene kale inkakwera ili mu giya yachitatu, anthu ankati yatopa. Palibe ankanena zogula ina, pakuti kunalibe kokaigula. Injini yotopa inkatsitsidwa n'kumangidwanso.

Ntchitoyo inkachitikira poyera. Amisiri ankakoleka tcheni buloko pa nthambi yolimba, kapena kuimika milimo itatu ya bulugama n'kuimanga pamwamba, kenaka injini n'kutuluka pang'onopang'ono ikulendewera. Pansi ankayala masaka, ndipo chitsulo chilichonse chinkagona m'malo mwake. Pisitoni yoyamba sinkasokonezedwa ndi yachinayi. Mavavu ankabayidwa pa katoni motsatana monga mmene anakhalira mu silinda hedi, kuti iliyonse idzabwerere pa mpando wake. Anyamata ophunzira ntchito ankakhala tsiku lathunthu akutsuka zitsulo m'beseni la palafini, ena akupekesa mavavu ndi kamtengo ka labala kunsonga, kukanthakantha m'manja ngati akupeka moto, mpaka mkombero wa vavu utayera mofanana kuzungulira konse. Gasiketi zing'onozing'ono sizinkagulidwa. Mmisiri ankagoneka pepala lolimba pa chitsulo n'kumagogoda m'mbali mwake ndi kahamala kamutu wobulungira mpaka gasiketi itadzidula yokha, mabowo a mabawuti ali pamalo pake penipeni. Buloko ndi crankshaft zokha n'zimene zinkakwera galimoto kupita m'tauni, ku makina obowola ndi kupala. Zikabwerako zinkabwera ndi manambala amene mwini galimoto ankawasunga pamtima: masilinda abowoledwa kufika pa 20, crankshaft yapalidwa kufika pa 10. Manambalawo ankamuuza kuti injini yakeyo yatsala ndi moyo wotani, ndiponso kuti idzathekanso kumangidwa kangati buloko isanathe.

Amisiri amenewa sanagwe kuchokera kumwamba. Ena anaphunzira zitsulo ku Joni, m'masiku a WENELA, boma lisanaimitse ulendo wa ku migodi ndege itagwa ku Francistown mu 1974. Ena anagwirapo m'magalaja a ku Salisbury ndi ku Bulawayo. Panalinso opuma ntchito ku PVHO, kumene kunkakonzedwa magalimoto a boma, ndi ena ochokera ku mabasi a UTM, anthu ozolowera kuti galimoto imalowa m'galaja tsiku lake likakwana, kaya ikudwala kaya ili bwinobwino. Mnyamata ankatha zaka akutsuka ndi kupatsira masipanala asanaloledwe kumanga silinda hedi, ndipo chiphaso cha Trade Test chinkapachikidwa pakhoma pooneka. Chimene ndimawalemekezera kwambiri akuluakulu aja n'chakuti sankaika chitsulo chimene sanachione ndi maso awo ndi kuchikhudza ndi chala. Chikhadabo chinali chipangizo chawo: akachiyendetsa pa crankshaft n'kukodwa penapake, ankadziwa kuti pamenepo pafunika makina.

Injini ikabwerera m'galimoto sinkapatsidwa katundu wolemera tsiku lomwelo. Inkayenda mopepuka kaye kuti maring'i akhazikike, oyilo woyamba n'kukhetsedwa msanga, mabawuti a silinda hedi n'kumangidwanso. Ndipo m'mawa uliwonse panali mwambo wake. Dalaivala asanalize galimoto ankatsegula boneti, kusolola chitsulo choyezera oyilo, kusuzumira madzi mu redieta, kukanikiza lamba wa fani ndi chala chachikulu, n'kugwada kuona ngati pansi pagona dontho lililonse usikuwo. Land Rover ndi malole ambiri a nthawi imeneyo ankasefa mpweya poudutsitsa m'kabeseni ka oyilo, ndipo m'chilimwe mnyamata wothandiza dalaivala ankakatsuka kabeseniko kawirikawiri, n'kupeza matope atakhazikika pansi. Fumbi lonselo likanalowa m'masilinda. Madalaivala a boma ndi a mishoni anali ndi buku lolembamo ulendo uliwonse, mafuta amene athira ndi tsiku limene asintha oyilo.

Sindikunena kuti masikuwo anali okoma m'zonse. Galimoto inkatha kukhala pa miyala miyezi, udzu n'kumera pansi pake, podikira maring'i kapena mabering'i ochokera kunja. Nthawi yonseyo mbatatesi zinkayenda pamutu, pa njinga ndi pa ngolo, ndipo zina zinkawolera m'munda. Mayi wodwala usiku ankanyamulidwa pa machira. Injini za nthawi imeneyo zinkamwa mafuta ambiri, zinkadontha oyilo ngakhale zili zatsopano, ndipo sizinkayenda mtunda wautali zisanafune kutsegulidwanso. Amene anasenzapo thumba kuchoka kuno kukafika ku msewu wa phula sangalakelake kuti zonse zibwerere mwakale.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Malonda atamasuka, magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito a ku Japan anayamba kulowa mwaunyinji, ena kudzera ku Durban, ambiri kudzera ku Dar es Salaam n'kulowera pa Songwe. Ku Japan galimoto yokalamba imadula kuisunga chifukwa cha kuyesedwa kwa boma kotchedwa shaken, ndipo kuyambira mu October 2003 mzinda wa Tokyo ndi zigawo zoyandikana nawo zinaletsa malole akale a dizilo otulutsa utsi wopitirira muyezo. Malole ambiri amene anakanidwa kwawoko anali akadali ndi mphamvu, ndipo anapeza ntchito m'maiko ngati lathu. Lero pa msika uliwonse wa ku Dedza mupeza Toyota Dyna, Mitsubishi Canter ndi Isuzu Elf zitaima mondondozana, zikudikira matumba. Mlimi wamba amene bambo ake sanalotepo zokhala ndi galimoto, lero ali ndi lole yake ya matani awiri. Chimenechi n'chinthu chabwino, ndipo sindichichepetsa.

Pambuyo pa magalimotowo panabwera injini zopanda galimoto, zodzaza m'makontena, zina zochokera ku Japan komweko, zina zodzera ku Sharjah ndi ku Dubai, zina ku South Africa. Amakaniko athu sazitchulanso ndi dzina la galimoto koma ndi nambala: 3L, 5L, 14B, 4D33, 4JB1, TD27. Munthu akawerengera mtengo wa mapisitoni, maring'i, mabering'i, gasiketi, makina obowolera ndi masabata amene lole ikhale osagwira ntchito, amaona kuti kugula injini yathunthu ku Biwi kapena ku Ndirande n'kwachangu, nthawi zina n'kotchipa kumene. Wogulitsa amaikhazika pa tayala lakutha, kulumikiza batire, kumiza paipi m'botolo la dizilo, injini n'kulira. Wogula amamwetulira, amalipira, n'kuikweza pa pikapu. Ikafika kuno madzulo, mawu amakhala amodzi: “Amisiri, imeneyi ndi ya ku Japan, ingoikani. Loweruka ndili ndi katundu.”

Apa ndi pamene tinataya chinthu osazindikira. Injini ya kale inkalowa m'galimoto mwini wake akudziwa zonse za m'kati mwake. Ya lero imalowa ili yotseka, mbiri yake osaidziwa aliyense. Yayenda makilomita angati? Inachotsedwa m'galimoto yochita ngozi kapena yotopa? Yakhala miyezi ingati pabwalo, mvula ikuivumba? Wogulitsayo nayenso nthawi zambiri sadziwa. Chodziwika n'chimodzi: injini zambiri za mitundu ndatchulayi zinapangidwa m'ma 1990, kutanthauza kuti zapitirira zaka 25. Chitsulo cha ku Japan chimapirira, koma labala amakalamba ndi zaka, kaya galimoto ikuyenda kaya yaima. Amauma, amalimba gwa, kenaka amang'aluka. Wogula mbatatesi wochenjera pa Chimbiya sakhutira ndi zazikuluzikulu zimene zaikidwa pakamwa pa thumba. Amalikhuthula kuti aone zapansi. Injini nayo imafuna kukhuthulidwa chotero, ndipo nthawi yake yokhayo yotchipa ndi pamene ikadali pansi, mbali zake zonse zikufikika ndi dzanja.

Kuyang'anako kuyambire kwa wogulitsa, ndipo wogula apite ndi mmisiri amene adzaike injiniyo, osati kupita yekha. Aigwire kaye ngati ili yozizira, pakuti injini yotenthetsedwa kale imabisa ulesi wake wa m'mawa. Aizungulize ndi sipanala kangapo kuti amve ngati ikuyenda mosakodwa ndiponso ngati silinda iliyonse ikukana dzanja mofanana. Atsegule pothirira oyilo: akapeza phala loyererako pa chitsekerero, madzi akumana ndi oyilo penapake. Ikamalira, aone mpweya wotuluka pabowo limenelo. Kautsi pang'ono si vuto, koma ikamapuma ngati mvukuto ndiye kuti maring'i atha. Pali amisiri a dizilo m'tauni amene ali ndi geji yoyezera mphamvu ya silinda iliyonse ndi ina yoyezera kuthamanga kwa oyilo, ndipo ndalama yowalipira ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa injini. Agwirizanenso ndi wogulitsa pasadakhale, polemba, kuti kutsegula sampu ndi kusintha lamba sikuthetsa lonjezo lake lobweza injini ikapezeka yoipa. Ambiri amakana kulandiranso injini imene yamasulidwa bawuti ngakhale limodzi.

Ikafika kunyumba, ntchito iyambire kumbuyo, kumene injini imakumana ndi giyabokosi, chifukwa kumeneko ndi kumene dzanja silidzafikakonso. Kuseri kwa flywheel kuli oil seal yaikulu yogwira crankshaft. Ndi kalabala kamodzi kotsika mtengo, koma kakayamba kudontha injini ili m'galimoto, kukasintha kumafuna kutsitsa giyabokosi yonse, ndipo oyilo wodonthayo amakhala atanyowetsa kale kilatchi n'kuyamba kuterereka lole ili pakati pa chitunda ndi matumba ake. Pafupi pomwepo, ndiponso m'mbali mwa buloko, muli timbale tachitsulo totseka njira za madzi, timene amakaniko amati ma core plug. Timachita dzimbiri kuyambira m'kati, kotero kuti kunja timaoneka bwino pamene tatsala pang'ono kubowoka. Mmisiri atigogode ndi kutikanda. Kamene kakayikitsa kachotsedwe, ndipo ka kumbuyo kasinthidwe ngakhale kakuoneka kamoyo. Kilatchi, mbale yoipanikiza, release bearing ndi kabering'i ka pakati pa flywheel zionedwe nthawi yomweyo. Flywheel ikakhala ndi ming'alu kapena zipsera zabuluu, ipite ku makina.

Sampu itsitsidwe. Palibe malo ena amene amaulula mbiri ya injini ngati pansi pa sampu. Oyilo wakuda yekha sadetsa nkhawa pa injini ya dizilo. Chodetsa nkhawa ndi phala lolimba losonyeza kuti mwini wake wakale sankasintha oyilo, kapena tizitsulo tonyezimira tochokera ku mabering'i. Kasefa koyamwira oyilo katsukidwe mpaka kuwala kudutse. Mmisiri wodziwa ntchito akhoza kumasula bering'i imodzi kapena ziwiri n'kuona nkhope yake: ikakhala yotuwa mofanana aibwezere mmene inalili n'kumanga ndi sipanala yoyeza mphamvu, koma mkuwa ukaonekera asinthe zonse. Akuluakulu aja ankachita zimenezi popanda wowauza. Masiku ano ukapempha zotere, ena amakuona ngati ukuchedwetsa ntchito.

Kutsogolo nkhani yaikulu ndi timing. Injini ngati 14B, 4D33 ndi TD27 zimayendetsa mavavu ndi magiya achitsulo, ndipo kumeneko kulibe chodetsa nkhawa kwenikweni kupatula oil seal ya kutsogolo. Koma 3L ndi 5L, zimene zili m'ma Dyna ang'onoang'ono ndi m'ma Hiace ambiri, zimadalira lamba wa mano. Pa 3L kampani ya Toyota inalamula kuti lambayo azisinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndipo inaika nyali yolembedwa T-BELT yokumbutsa dalaivala. Vuto n'lakuti nyaliyo imawerenga makilomita a galimoto, osati a injini yachilendo imene mwaikamo. Lamba ameneyu akaduka injini ikuyenda, mapisitoni amawomba mavavu, ndipo injini imene munagula mwezi watha imasanduka ya masipeya. Choncho asinthidwe, osafunsa kuti akuoneka bwanji, pamodzi ndi timawilo timene timamukoka ndi kumuwongolera, ndi ma oil seal a crankshaft ndi camshaft amene ali kuseri kwake, popeza oyilo akadonthera pa lamba amamudya. Pampu ya madzi igwedezedwe ndi dzanja. Ikakhala ndi kamsewero, kapena pansi pake pakakhala mzere wa dzimbiri, nayonso ichoke.

Pali chizolowezi china chimene ndimatsutsana nacho ndi mtima wonse: kuchotsa thermostat n'kuitaya, ati chifukwa inapangidwira maiko ozizira. Amene amanena zimenezi sanagonepo ku Dedza mwezi wa June kapena July, pamene chifunga chimakuta phiri mpaka dzuwa litakwera ndipo zala zimakanika kugwira khasu. Injini ya dizilo inapangidwa kuti izigwira ntchito madzi ake ali pa madigiri 80 ndi kupitirirapo. Yopanda thermostat imayenda yozizira theka la ulendo, dizilo osapsa bwino n'kumatsuka oyilo m'masilinda, maring'i n'kumadyeka msanga. Thermostat yokayikitsa iponyedwe m'poto wa madzi pamoto. Ikatseguka madzi asanawire ili bwino, ikakana igulidwe ina. Tikumbukirenso kuti tili pamwamba. Boma la Dedza lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo pamtunda wotere madzi a m'poto amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100. Chimene chimaletsa madzi a mu injini kuwira msanga ndi chitsekerero cha redieta chogwira bwino, kachinthu kamene ambiri amakalowetsa m'malo ndi nsanza kapena pulasitiki. Kuzizira komweku n'kumene kumafunanso ma heater plug amoyo pa injini ngati 3L. Iliyonse iyesedwe pa batire. Yabwino imafiira kuyambira kunsonga. Lole imene imadzutsidwa ndi kukankha kapena kununkhizidwa petulo m'mawa uliwonse ikufupikitsidwa moyo. Ma nozzle apite kwa mmisiri wa pampu akawapopere pa makina ake, pakuti nozzle yodontha m'malo mofwenthera imatha kubowola pisitoni.

Funso limene limaiwalika kwambiri ndi ili: injini yakale ija inafa ndi chiyani? Kawirikawiri choipha chimakhala chikadali m'galimoto, chikudikira yatsopanoyo. Ngati inawira, redieta yotsekeka ndi matope a madzi a pa mjigo ikadali pomwepo. Ipite kwa oitsegula ndi kuitsuka mapaipi ake limodzilimodzi, ndipo ikabwera ithiridwe madzi oyera osakaniza ndi mankhwala oletsa dzimbiri. Ngati inatha maring'i msanga, yang'anani paipi yochokera ku fyuluta ya mpweya. Kamng'alu kochepa pamenepo n'kokwanira kumwetsa injini fumbi la msewu wathu chilimwe chonse, ndipo fyuluta ya pepala ya masiku ano siichira poimenyetsa pa tayala. Ngati inavuta ndi pampu, thanki itsitsidwe n'kutsukidwa. M'zaka za kusowa kwa mafuta, monga 2011 ndi 2012 ndiponso zaposachedwapa, malole athu amwa dizilo wa m'zigubu wamtundu uliwonse, ndipo madzi ndi zinyalala zake zimakhazikika pansi pa thanki. Mapaipi a labala a madzi ndi timiyendo ta labala timene injini imakhalapo zionedwenso galimoto ikadali yopanda kanthu kutsogolo.

Ndikudziwa yankho la mwini lole, ndipo si lopusa. Ndalama zonse zathera pa injini, zina n'zangongole, ndipo katundu wa Loweruka ndi amene abweze ngongoleyo. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo chitsulo chilichonse cha galimoto chimachokera kunja. Munthu wotere sungamuuze kuti asinthe zonse. Koma akhoza kusankha mwa nzeru: ayambe ndi zimene sizidzafikikanso injini ikalowa, ndi zimene zikalephera zimapha injini yonse. Oil seal ya kumbuyo, ma core plug, lamba wa timing ndi timawilo take, zimenezo zisadikire. Sitata, alternator ndi lamba wa fani zikhoza kusinthidwa tsiku lina lililonse galimoto ili chiimire. Ndipo ndalama ya zinthu zimenezi iwerengedwe ngati gawo la mtengo wa injini asanapite n'komwe ku Biwi.

Palinso msampha wa mbali inayo. Msika wadzaza ndi masipeya achinyengo, m'mabokosi olembedwa mayina a makampani odziwika. Kuchotsa pampu ya madzi ya ku Japan imene ikadali yolimba n'kuikapo yachinyengo ndi kubwerera m'mbuyo. Lamba wa timing wotchipa kwambiri ndi woopsa kuposa wakale amene mwachotsayo. Silinda hedi nayo isatsegulidwe popanda chifukwa. Ngati geji yasonyeza mphamvu yofanana m'masilinda onse ndipo madzi sakukumana ndi oyilo, gasiketi imene anaika ku fakitale isiyidwe. Akuluakulu aja ankatsegula zonse chifukwa ankamanga injini yotha. Ife tikulandira injini imene mwina ikadali ndi moyo wautali, ndipo luso la lero ndi kudziwa pofunika kukhudza ndi pofunika kusiya. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini yakale isagulitsidwe kwa ogula zitsulo yatsopanoyo isanalire m'galimoto. Ziwirizo zigonekedwe pafupi n'kuyerekezedwa. Nambala ikhoza kukhala imodzi koma sampu n'kusiyana, chifukwa ina inachokera mu Hiace pamene inayo ndi ya Dyna. Mabulaketi, manifold ndi timawaya ta geji ya kutentha ndi ya oyilo nthawi zambiri zimafunika kusamutsidwa kuchoka pa yakale. Malole ambiri a matani awiri kupita m'tsogolo amayendera magetsi a mavoti 24 pamene ang'onoang'ono ndi a 12, ndipo sitata kapena heater plug ya mbali ina siigwira ku inzake. Pa injini zambiri za dizilo, kapampu kothandiza mabuleki kamakhala kumbuyo kwa alternator. Kayesedwe bwino pamodzi ndi mapaipi ake, chifukwa lole yodzaza imene ikutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti ilibe mpata wozindikirira panjira kuti buleki yalimba. Lisiti la wogulitsa, lokhala ndi nambala ya injini, lisungidwe, ndipo kusinthako kukalembetsedwe ku Road Traffic kuti nambala ya pa buloko igwirizane ndi ya m'mapepala a galimoto. Kupanda kutero mavuto amadzabuka pa rodibuloko, pokayezetsa COF, kapena podzagulitsa loleyo.

Anyamata a masiku ano sindiwanyoza. Ambiri adutsa m'masukulu a ntchito zamanja pansi pa TEVETA, imene inakhazikitsidwa mu 1999, ndipo ali ndi chinthu chimene akuluakulu aja analibe: pa foni amatha kupeza muyezo weniweni womangira bawuti lililonse ndi chithunzi cha zizindikiro za timing. Injini zimene zikubwera tsopano, zoyendetsedwa ndi kompyuta, ndi iwowa amene adzazithe. Chimene amasowa ndi mwini galimoto wowapatsa masiku awiri kapena atatu, ndi kuwalipira masikuwo, m'malo moimirira pambali n'kumafunsa kuti ilira nthawi yanji. Mmisiri wolipidwa pongoika injini adzangoika injini.

Tsiku loiliza, oyilo ndi mafyuluta onse zikhale zatsopano. Waya wa pampu ya dizilo uchotsedwe kaye, injini izungulizidwe ndi sitata mpaka nyali ya oyilo itazima, kuti mabering'i amene akhala ouma miyezi yambiri ayambe anyowa moto usanagwire. Ikalira isapondedwe mafuta; itenthe yokha mpaka thermostat itatseguka, mmisiri akuzungulira ndi tochi kufunafuna dontho. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu, wongofika ku msewu wa phula n'kubwerera, ndipo oyilo woyambayo akhetsedwe msanga chifukwa amatsuka zotsalira za moyo wakale wa injiniyo. Kenaka pagulidwe kope la sukulu lokhala m'galimoto momwemo, mulembedwe tsiku limene injini inalowa, nambala yake, makilomita amene galimoto inali itayenda tsikulo, ndi chilichonse chimene chinasinthidwa. Makilomita omwewo alembedwenso ndi penti pa chivundikiro cha lamba wa timing, kuti dalaivala wina kapena mmisiri wina wodzagwira loleyo m'tsogolo adzadziwe poyambira kuwerenga 100,000 yotsatira.